Thanki Yatsopano ya Nsomba za Malemu

Foni inalira ndikusita zovala za amayi. Nditaona kuti yalemba "Wamagetsi", ndinazimitsa simbi n'kuzembera kuseri kwa nyumba kuti achimwene asamve. Dzinali ndinalilemba tsiku limene anabwera kudzakonza mawaya kwathu, ndipo ngakhale chibwenzi chathu chinali chitakhwima, sindinalisinthe. Ine kwathu amandiitana kuti Mzime poti ndine wotsiriza kubadwa, ndipo iyenso anatengera pomwepo.

"Mzime, ungabwere kuno? Thanki ya nsomba yasweka."

Mawu ake anali ouma ngati a munthu wochokera kumanda.

"Yasweka bwanji? Nsombazo zili moyo?"

"Zitatu zili moyo. Imodzi ndaipeza pansi itauma kale. Bwera, zina ndikuuza ukafika."

Wamagetsi anali bambo wofedwa. Mkazi wake anamwalira zaka zingapo m'mbuyomo pa chimene iye ankangochitcha ngozi ya m'nyumba, ndipo ine sindinkafuna kukanda chilonda cha mwini. Zovala za malemu abale anatenga, mbale ndi makatani anagawana, koma nsomba palibe anazifuna. Zinatsala ndi iye. Ankazidyetsa asanadye yekha, ndipo tsiku lina ndinamupezerera akulankhula nazo.

*

Ndinapeza kapeti itayanikidwa pachingwe, ikudontha. Pabalaza pankanunkha chinyontho. Pakona pamene pankakhala thanki panangotsala tebulo lachitsulo ndi mzere wobiriwira pakhoma. Magalasi anali atasesedwa kale.

Nsomba zinali m'bafa lochapira pakati pa chipinda. Izi si nsomba zodya ayi, ndi zija zagolide zoweta pofuna kukongoletsa nyumba, za matupi obulungira ngati dzira ndi michira yolendewera ngati diresi la ukwati. Ina inali ndi chotupa chofiira pamutu ngati yavala chipewa, ina yakuda bii ya maso otuzuka, yachitatu yamawangamawanga. Zonse zinali pamwamba pa madzi, zikuyasama ngati zikufuna kunena kanthu.

"Ndinagona kutali, kuntchito," anatero Wamagetsi. "Ndafika m'mawa uno, chitseko chili chokhoma bwinobwino, koma madzi ali ponseponse. Zitatuzi zapulumukira m'timadzi timene tinatsala pansi pa thanki."

"Mwafika, asisi?"

Mawuwo anachokera kukhitchini. Anali mng'ono wake wa malemu, amene Wamagetsi ankangomuti mlamu. Kuyambira pamaliro anali ndi kiyi wakewake wa nyumbayo, ati kuti azidzathandiza kusesa. Anatulukira atanyamula kapu ya tiyi, alibe nsapato ngati mwini khomo. Juzi imene anavala ndinaizindikira msanga. Inali yomweyo imene malemu anavala pa chithunzi chimene chinali pakhoma.

"Ndafika," ndinayankha. "Pepani ndi zachitikazi."

"Mukupepesa chiyani? Ine ndikungodabwa. Thanki yakhala pamenepa zaka zonsezi osasweka. Yadikira kuti m'nyumba muno muyambe kulowa alendo."

"Mlamu, si nthawi yake ino," anatero Wamagetsi.

"Ayi alamu, galasi lilibe manja, silidzimenya lokha. Pali anthu ena chithunzi cha pakhoma chimawalasa m'maso, nanga kuli bwanji nsomba zopuma?"

Ndinamutembenukira. "Ngati mukunena ine, tchulani. Kiyi wa nyumba ino ndilibe."

"Wakutchulani ndani? Mwadzitchula nokha."

Anamwa tiyi wake pang'onopang'ono akundiyang'ana pamwamba pa kapu. Wamagetsi anatola makiyi a galimoto.

"Tiye, Mzime. Nsombazi m'bafa sizikhalitsa. Ndikufuna thanki yatsopanoyo usankhe ndiwe, poti ndiwe udzakhale nayo."

Kapu inagunda tebulo mwamphamvu kumbuyo kwathu, koma palibe anacheuka.

*

Sitolo ya nsomba zoweta inali m'kanjira kopanikizika, pakati pa telala ndi ogulitsa matayala. M'kati munali kamdima, kuwala kwake kochokera m'mathanki mokha, ndipo mapampu ankang'ung'udza mbali zonse. Mwini wake anali mayi wojintcha, wa magalasi omangirira chingwe m'khosi.

Ine maso anagwera pa chimphika chagalasi chozungulira, chokongola ngati cha mu filimu.

"Ichi bwanji? Sichingadye malo."

"Chimenecho n'choikamo maluwa, mayi," anatero mwini sitolo. "Ndimagulitsa poti anthu amachifuna, koma nsomba zagolide m'menemo sizimaliza mwezi. Zimadya ngati nkhumba, zimaipitsanso madzi ngati nkhumba. Muli nazo zingati?"

"Zitatu, zija za michira iwiri."

"Ndiye musatenge yochepera malita 150. Ndipo musankhe yotambalala, osati yaitali yopita m'mwamba. Mpweya umalowera pamwamba pa madzi, choncho pamwambapo pazikhala potakasuka. Komanso nsomba zonenepazi kusambira n'kwa mwambo chabe, kukwera ndi kutsika zimatopa."

Anatitsogolera ku thanki ina yotalika ngati mpando wa anthu awiri. Ndinaigwira m'mbali, yozizira, ndipo ndinadziona ine ndi Wamagetsi m'galasimo titaima pamodzi. Kwa kanthawi mtima unakhala pansi. Ndinatola kanyumba kapulasitiki ka nsonga zambirimbiri kuti tikaike m'kati.

"Pa nsomba zanuzo pali ya maso otuzuka?" anafunsa mayiwo.

"Ilipo, yakuda."

"Bwezani pomwe mwakatenga. Imeneyo siona bwino, ikagunda pansongapo diso lapita. Chilichonse cholowa m'thanki muyambe mwachisisita ndi chala, chikakukandani chisiyeni. Pansi muike mchenga wosalala ndi miyala ikuluikulu. Timiyala tating'ono zimatola n'kutsamwa nato."

Wamagetsi ankangogwedeza mutu. Chilowereni m'sitolomo anali asanalankhule, ndipo anaima chopereka msana kwa mayiwo.

"Sefa yoyeretsera madzi ikhale yamphamvu, koma madzi azitulukamo mofatsa kuti asamazikankhe," anapitiriza. "Siponji ya m'sefa yakale muli nayo? Musaichape ndi sopo, musaiumitse. Muli tizilombo tabwino timene timayeretsa madzi. Popanda timeneto thanki yatsopano imapha nsomba."

"Ndataya zonse," anatero Wamagetsi. "Galimoto ya zinyalala inadutsa m'mawa."

"Sefa ndi pampu nazonso zinasweka?"

"Ndati ndataya."

Mayiwo anatsitsa magalasi awo n'kumuyang'ana. Ine pofuna kuphwetsa nkhaniyo ndinatola kachubu kagalasi ka chingwe cha magetsi kamene kanali pashelefu.

"Nanga ichi n'chiyani?"

"Chotenthetsera madzi. Zanuzo n'za madzi ozizira, sizichifuna n'komwe, bola m'nyumba musamazizire kwambiri..."

Asanamalize, Wamagetsi anandigwira pamkono mwamphamvu mpaka chinthucho chinatsala pang'ono kugwa.

"Siya. Siya chimenecho."

Nkhope yake inali itatuwa. Anali asanandigwirepo choncho chiyambire. Atandisiya, zala zake zinatsala zitadinda pakhungu.

"Bambo," anatero mwini sitolo motsitsa mawu, "nkhope yanuyi ndikuidziwa. Si inu amuna awo a mayi aja ankagula chakudya cha nsomba muno? Aja ana..."

"Tipatseni yotambalalayo ndi sefa yake. Mutibweretsere mawa."

Wamagetsi atatero anatuluka kukadikira m'galimoto. Mayiwo anatsegula sefa ya thanki yawo ina, n'kutulutsamo siponji yakuda, n'kuiika m'jumbo ya madzi. Pondipatsa sanaisiye msanga, anagwira ndi dzanja langa lomwe.

"Iyi ikuthandizani kuti madzi akhwime msanga. Koma mwana wanga, nyumba za eni uzilowa utafunsa."

*

Kunyumba ndinapeza achimwene atakhala pakhonde, amayi ali pambali akupinda zovala zimene ndinasiya ndisanamalize kusita. Palibe anandilonjera.

"Mzime, khala apa," anatero achimwene. Chimwalirireni bambo athu, mawu awo ndiwo anali lamulo pakhomopo. "Wamagetsi wakoyo anakuuza kuti mkazi wake anafa bwanji?"

"Anati inali ngozi."

"Ngozi yanji?"

"Sindinamufunse."

"Ndikuuze ine. Anamupeza ali gone pabalaza, dzanja lili lonyowa, pafupi ndi thanki ya nsomba yomwe wakhala ukuisirirayo. Ankatsuka galasi, magetsi anamugwira m'madzimo. Magetsi, Mzime. M'nyumba ya munthu amene amadyera magetsi omwewo."

Ndinabisa mkono wanga pansi pa chikwama.

"Wakuuzani ndani?"

"Mng'ono wake wa malemu wandiimbira. Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Ameneyo si mnansi, achimwene. Akumufuna yekha mwamunayo. Lero ndamupeza atavala juzi ya mkulu wake, akuyenda m'nyumbamo ngati ndi yake."

"Akhoza kumufuna," anatero achimwene, "koma kumufunako sikusandutsa zoona kukhala bodza. Mkaziyo anafa ndi magetsi kapena ayi?"

Amayi anaika malaya pamwendo n'kuwasalaza ndi chikhatho.

"Mwana wanga, ine sindikuti munthuyo anapha. Akudziwa ndi Mulungu. Koma chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Amuna atha padziko pano kuti uzikakamira nyumba imene munatuluka mtembo mosadziwika bwino? Ndinaika bambo ako, sindikufuna kuikanso iwe."

"Amayi, munthu uja ndi wofatsa. Ngakhale nsomba ikadwala sagona."

"Chikomekome cha mkuyu," anatero achimwene akuimirira. "Ukapondanso kumeneko, ndikakutenga ndekha, ndipo sindikagogoda."

Dzuwa lisanalowe uthenga wa Wamagetsi unalowa pafoni. "Wafika bwino? Pepa ndi mkono uja."

Ndinalemba, n'kufufuta, n'kulembanso. Pomaliza ndinangotumiza funso limodzi. "Akazi anu anafa bwanji?"

Foni inaonetsa kuti wawerenga. Inaonetsa kuti akulemba, kenako n'kusiya. Anayambanso, n'kusiyanso. Ndinatsuka mbale, ndinasesa m'khitchini, ndikungosuzumira. Yankho litabwera linali lalifupi.

"Si nkhani ya pafoni. Bwera mawa masana, thanki ikamafika. Ukamva zonse, ukasankha wekha."

*

Ndinauza amayi kuti ndikupita kukaona mnzanga wodwala. Anangondiyang'ana mpaka ndinatuluka pageti.

Thanki ndinaipeza itafika kale, ili pa tebulo lachitsulo lija, yopanda kanthu. Wamagetsi anali ataisuntha kuichotsa pakona yakale n'kuiika khoma lina, kutali ndi windo kuti dzuwa lisamabiriwitse madzi. Mlamu kunalibe. Ine ndinaima pakhomo, chikwama chili m'khwapa.

"Lowa, Mzime."

"Ndimvere pompano."

Anakhala pa mkono wa mpando n'kuyang'ana manja ake.

"Zimene wamvazo n'zoona. Anafa ndi magetsi, pamalo paja pali mzere wobiriwirapo. M'thankimo munali chotenthetsera chonga chija unatola dzulo. Galasi lake linali long'aluka, madzi analowa m'kati. Sindinachigule ine, sindinachilumikize ine. Ndinali kutali kuntchito. Ndikanachiona ndikanachitaya tsiku lomwelo."

"Anachigula ndani?"

"Mlamu. Anachipeza kumsika kwa ogulitsa zakale, akuti nsomba zikumva chisanu. Anachibweretsa ngati mphatso kwa mkulu wake."

"Ndiye bwanji anthu akuloza inu?"

"Poti sindinanene. Pamaliro ndinawayang'ana makolo awo, ndinaona kuti ndikatsegula pakamwa ataya ana awiri tsiku limodzi. Ndinati bola chala chiloze ine. Chala sichipha."

"Ine bwanji simunandiuze?"

Anadzutsa mutu. Maso ake anali ofiira.

"Ndikanakuuza, ukanalowanso pabalaza pano? Ndinaopa kukutaya, Mzime. Ndinakhala m'nyumba muno ngati mlonda wa manda mpaka tsiku lija unandipatsa madzi akumwa ndili pamakwerero kwanu. Ngati ukufuna kubwerera, bwerera, sindikuletsa. Koma munthu sindinaphe."

M'bafa nsomba yakuda ija inali itayamba kupendekeka. Ndinaiyang'ana, ndinamuyang'ananso iye. Kaya ndinamukhulupirira kapena ndinangofuna kumukhulupirira, sindikudziwa. Ndinaika chikwama pampando n'kuvula nsapato.

"Mchengawo mwatsuka?"

Tinatsuka mchenga mpaka madzi ake anayera, tinauyala pansi, tinaika miyala yosalala ikuluikulu. Iye ankatunga madzi m'ndowa, ine ndikuthira pa mbale kuti mchenga usavunduke. Tinadonthezamo mankhwala ochotsa kulorini wa m'madzi a pampopi. Siponji ya mayi a kusitolo ndinailowetsa m'sefa ndi manja anga. Kenako iye anagwada kuseri kwa tebulo ndi zida zake, akulumikiza soketi yatsopano, ndipo anatenga nthawi ndithu. Atayatsa, sefa inayamba kung'ung'udza, madzi n'kumayenda mofatsa.

Nsomba tinazisamutsa imodziimodzi ndi kaukonde, titayamba tasakaniza madzi a m'bafa ndi a m'thanki kuti zisadzidzimuke. Ya chipewa chofiira inatambasula mchira wake wonse kwa nthawi yoyamba. Yakuda inamira pansi, inapuma, kenako inayamba kufufuza mumchenga. Wamagetsi anaseka pang'ono, kuseka kumene ndinali nditakusowa.

"Wasankha bwino, mayi wa nyumba."

"Musafulumire, achimwene sanavomere."

"Avomera. Taona, mwala uwo wagudubuka, watsamira galasi. Tauwongola, manja angawa ali ndi mafuta, sindingawaike m'madzi."

Ndinayang'ana madziwo, ndinayang'ana chingwe chakuda chotsikira kuseri kwa tebulo. Iye anaona.

"Usaope. Ndayeza zonse."

Ndinapinda mkono wa bulauzi mpaka m'chigongono. Zala zanga zinali zitatsala pang'ono kukhudza madzi pamene chitseko chinagogodedwa mwamphamvu.

*

Analowa apolisi awiri, wina wamkulu wa imvi m'mbali, wina wamkazi. Kumbuyo kwawo kunali mlamu, ndipo kumbuyo kwa mlamu kunali achimwene anga. Achimwene anayang'ana mapazi anga opanda nsapato.

"Ndinu mwini nyumba?" anafunsa wapolisi wamkuluyo.

"Ndine."

"Banja la malemu akazi anu linapempha kuti nkhani ya imfa yawo iunikidwenso. Sabata yatha munauzidwa kuti tibwera ndi katswiri kudzaona thanki ndi zipangizo zake zonse, ndipo munalangizidwa kuti musasunthe kanthu. Zili kuti?"

Ndinatembenukira kwa Wamagetsi. "Munkadziwa kuti akubwera?"

Sanandiyang'ane.

"Thanki inasweka," anatero. "Zotsalazo ndinataya."

"Inasweka titangokuuzani, ndipo munataya tisanafike," anatero wapolisiyo mosakweza mawu. "Valani nsapato, bambo, mukatifotokozere bwino ku ofesi."

"Funsani amene ali ndi kiyi winayo," ndinatero ndikuloza mlamu. "Mufunseninso amene anagula chotenthetsera."

Mlamu anagwira pachifuwa. "Mwamva, bwana? Ndi nthano imene akuwauza atsikana ake. Ine ndigule chinthu cha magetsi, m'nyumba muli katswiri? Mkulu wanga ankalira kwa ine masiku ake omaliza, ndikudziwa zimene ankandiuza."

"Mlamu," anatero Wamagetsi, "Mulungu akukuona."

"Akuonanso inu, alamu."

Wamagetsi anavala nsapato pang'onopang'ono. Atafika pakhomo anapempha kuti andiuze za kadyetsedwe ka nsomba, wapolisi n'kuvomera ndi mutu. Anabwerera, anawerama ngati akundipsompsona patsaya, ndipo ananong'ona mawu amene ndinamva ine ndekha.

"Usaike dzanja m'madzimo. Wamva? Uyambe wazimitsa magetsi a nyumba yonse."

Anatuluka ndi wapolisi wamkulu uja. Ndinatsala nditaima, mkono wa bulauzi uli wopindabe. Munthu yemweyo anali atangondiuza kumene kuti ndisaope, wayeza zonse. Kodi anali kungondichenjeza poti iye sakhalapo, kapena ankadziwa chimene chinali m'madzimo?

"Tiye kwathu," anatero achimwene.

"Dikirani kaye," anatero wapolisi wamkazi, amene anali asanatuluke. "Mayi, akunong'onezani chiyani?"

Ndikanena, ndiye kuti ndamumanga ndi manja anga.

"Akuti ndizizipatsa chakudya pang'onopang'ono, zisakhute kwambiri."

Wapolisiyo anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anagwedeza mutu. Mlamu anali atafika kale pa thanki, akuiyendera uku ndi uku, milomo ataipinda.

"Ndiye thanki yosankha asisi imeneyi? Mchenga ngati pabwalo la ana. Taonani mwala uwu mmene watsamira galasi. Mkulu wanga sakanalola nsomba zake zikhale m'chisawawa chotere."

Anakwinya mkono wa malaya ake, anaimirira pa zala, n'kutsitsa dzanja lake kulunjika m'madzi.

Sindikudziwa mmene ndinadumphira bafa lija. Ndinangozindikira nditamugwira padzanja ndi manja anga onse awiri, ndikumukokera kumbuyo mpaka tonse tinagunda mpando.

"Musakhudze madziwo."

Sefa inkang'ung'udzabe. Achimwene anandiyang'ana kukamwa kuli yasa. Wapolisi uja anatseka chitseko pang'onopang'ono, anabwera kudzaima pakati pa ine ndi thanki.

"Chifukwa chiyani, mayi?"